Chingwe cha Kuseri kwa Msika

Ndisaname, anthu sabwera mushopu yanga chifukwa choti ndimameta bwino. Amatsatira mpira wa pa TV ndi intaneti yaulere. Munthu amakhala pabenchi maso ali m'mwamba, kenako n'kukumbukira kuti ndevu zakula.

Ndiye kampani ya TV ndi intanetiyi inayamba kundionetsa zakuda. Mwezi uno akweza mtengo, wamawa akwezanso, ati tikufuna zinthu ziziyenda bwino. Ziziyenda bwino kuti? Wosewera akati amenye mpira, chithunzi gwa! Kuuma, mwendo uli m'mwamba ngati galu patsinde la mtengo.

Tsoka lake, wokonza zingwe wa kampaniyi m'tauni yathu ndi mmodzi yekha, ndipo ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga.

"Alamu," anandiuza tsiku lina akutsika pamakwerero, "vuto ndi chingwe chachikulu cha kuseri kwa msika chija. Chinatha ntchito kalekale. Mabwana ndawauza mpaka pakamwa kuuma, chatsopano sakutumiza. Koma chonde, zikavuta muziimbira ine, osati ku ofesi. Dandaulo lililonse amalikoleka m'khosi mwanga. Andichenjeza kale kuti likabwera lina ndapita."

Ndinamumvera, pajatu chibale ndi fupa. Ndinkalipira ndikukukuta mano, iye n'kumabwera thukuta kamukamu kudzakulunga zingwe ndi tepi yogula yekha.

Loweruka la mpira womaliza mushopu munadzaza thothotho, ena kusuzumira pawindo. Woimbira mpira analoza penate. Anthu onse anaimirira. TV n'kuda bii!

Anthu inu! Anandinena ngati ndine ndaba chigolicho. Onse anakhamukira ku bala ya tsidya la msewu, komwe TV yawo ndi ya mbale yapadenga, osati ya chingwe. Dalaivala wina amene ndinkamumeta anathamanga mutu uli wometa mbali imodzi, nsalu yanga ili m'khosi.

Ndinatola foni mwaukali. Mlamu sindinamuimbire, ndinaimba ku ofesi. Anandiikira kanyimbo kawo kaja mpaka khutu kutentha, kenako panabwera mtsikana wa mawu ozizira.

"Pepani kwambiri, bambo. Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Iwe mwana iwe, ndizimitse chiyani choti chazima kale? Pokweza mtengo simuchedwa, koma chingwe chowola cha kuseri kwa msika mukudikira kuti chimere chokha? Ndinu akuba, akuba ovala mataye!"

"Tamva, bambo. Tisanatseke, ntchito ya m'dera lanu mukuiona bwanji, yabwino kapena yoipa?"

"Yoipa! Yonunkha kuyambira kumutu mpaka kuphazi! Ulembe choncho!"

Ine ndinkanena iwowo, ndipo chingwecho ndinachitchula mwana uja akumva. Koma kumeneko funso limeneli ndi sikelo yoyezera wokonza, osati mabwana. Mlungu usanathe anamulanda mlamu makwerero, yunifolomu ndi njinga yamoto. Mkazi wanga anamva nkhaniyi ine ndisanatsekule pakamwa, ndipo mpaka lero amandiyankha ndi mapewa.

Ndakwiya, ndipo sindikubisa. Bwana amene anakana kugula chingwe akadali pampando wake wozungulira. Chingwe chikadali chomwecho. Tsopano wokonza amachokera mumzinda, akafuna.

Dzulo m'mawa mlamu analowa mushopu. Ndinaganiza kuti wabwera kudzandilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iye anangopereka moni, n'kukhala pampando.

"Alamu, mundimete bwino. Mawa ndikukafunsira ntchito ya ulonda."

Ndinamufunditsa nsalu. Ndili mkati mometa, foni yanga inalira patebulo. Mlamu anaitenga kuti andipatse, maso ake n'kugwera pauthengawo. Anauwerenga mokweza, mawu ake osakwera osatsika:

"Okondedwa kasitomala, dandaulo lanu lakonzedwa. Zikomo potithandiza kukutumikirani bwino."