Sizasi ya Doña Eufemia

Zenaida Orihuela anakhoza mayeso a sukulu ziwiri za unamwino m'mwezi umodzi, ndipo kukhoza kwakeko kunamubweretsera Doña Eufemia pakhomo.

Doña Eufemia ndiwo anamumeta tsitsi loyamba ali kamwana, abale onse akuona, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala madrina wake, mayi wachiwiri woyenera kumveredwa. Koma umayi wawo unkaoneka pa zikondwerero pokha. Amayi ake a Zenaida atamwalira, iwo anabwera ndi nkhata ya maluwa yoposa bokosi kukula, nachoka mbale zisanatsukidwe. Bambo ake, Don Teófilo, atafa ziwalo mbali imodzi, iwo anatumiza mafuno abwino kudzera mwa dalaivala wawo. Tsono atangomva kuti mtsikanayo wasankhidwa ku yunivesite, chikondi chinawasefukira ngati mkaka wowira.

"Zaka zisanu zokha, uzidzatchedwa Licenciada, namwino wa digiri," anatero ataima pakhomo, mpango uli pamphuno. "Uzikhala kwanga, kufupi ndi yunivesite. Bambo akowa tiwatumiza kumudzi kumapiri. Mpweya wa kumeneko ndi mankhwala."

Zenaida ankaudziwa mpweyawo. Kumudziko kunali azakhali okalamba amene ankakhalira kubusa nkhosa tsiku lonse. Bambo ake anali ndi chilonda pantchafu chofuna kutsukidwa, ndi thupi lofuna kutembenuzidwa kawirikawiri. Mpweya sutembenuza munthu.

"Nanga sukulu inayi, Madrina? Ya zaka zitatu, ya madzulo. Ili pompano, masana ndizikhala ndi Ababa."

"Ya otaya mikodzo ija? Mwanawe, wa digiri amagwira cholembera, wa dipuloma amagwira chitini cha pansi pa bedi. Ine sindinamete mutu woti ukaweramire matako a anthu."

Chowawa n'chakuti Zenaida ankaifunadi digiriyo. Chipewa choyera cha mzere wakuda ankachilota kuyambira ali mwana. Anagwada napemphera, koma kumwamba kunali zii. Bambo ake, amene lilime linkawalemera, ankangobwereza liwu limodzi: "Pita."

Ku Huancayo, mzinda wa kwawowo, wolowa yunivesite amametedwa. Anyamata amawapala mpala, atsikana amawadula chingwe cha tsitsi, kenako amawaswera mazira pamutu n'kuwawaza ufa. Tsitsi likagwa pansi, msewu wonse wadziwa, ndipo palibe wometedwa amene angaonekenso pa sukulu ya madzulo osasanduka choseketsa. Doña Eufemia ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake phwando analifulumizitsa kalembera asanayambe.

Lamulungu m'mawa anatumiza galimoto kudzatenga Zenaida kuti akamuveke kunyumba kwawo.

"Za bambo ako undisiyire ine. Ndaika munthu," anatero.

Pobwerera masana, Zenaida anapeza bwalo la kwawo litadzaza. Oimba malipenga anali atatupitsa masaya, amuna akufukula nyama ndi mbatata m'dzenje la miyala yamoto. Panali amayi a m'kwaya ya Doña Eufemia, aja amaimba za kudzichepetsa atatambasula zala kuti mphete zioneke. Mwini phwando anayenda pakati pawo atanyamula mbale, m'mbalemo muli sizasi yatsopano yomangidwa riboni wofiira.

"Mwana uyu ndamulera ndekha!" analengeza. "Ndadzimana, Mulungu ndi mboni."

Zenaida anaganiza kuti Mulungu amaitanidwa pa milandu yambiri imene sanaione. Alendo anamukhazika pampando, wina namuswera dzira pamutu, anthu nakuwa. Malipenga atapuma pang'ono, anamva kaphokoso kena: ngo, ngo, ngo. Inali supuni ikugunda chitsulo cha bedi, kuitana kwa bambo ake. Atacheuka anaona chitseko cha chipinda chawo chitatsekedwa, makireti a mowa atasanjikizidwa pakhomo pake.

"Watseka ndani apo, Madrina?"

"Ndine. Ufuna alendo adye ndi fungo? Khala bwino, ndikumete."

"Munthu munaika uja ali kuti?"

"Akusenda mbatata. Khala pansi, iwe!"

Zenaida anaimirira, dzira likutsikira m'khosi, nachotsa makiretiwo limodzilimodzi atavala diresi lobwereka. Anapeza bambo ake ali chigonere mbali imene anawasiyira m'mawa, zofunda zitanyowa, milomo itauma gwa. Bandeji inali itamatirira pachilonda. Anafunafuna sizasi yake, nakumbukira kuti ili m'chikwama chimene anasiya kwa Madrina. Anatuluka, natenga ya riboniyo m'mbale osapempha.

"Imeneyo yadalitsidwa ndi abusa!" anakuwa Doña Eufemia.

"Ndiye igwira bwino ntchito."

Anadula bandejiyo pang'onopang'ono akuinyowetsa ndi madzi ofunda. Anatsuka chilonda, nasintha zofunda, natembenuza bambo ake, nawamwetsa madzi pa supuni yomwe ija. Anazindikira kuti akung'ung'udza nyimbo imene amayi ake ankaimba pochapa. Iye amene anadzimanga chopukutira m'chiuno nasambitsa mapazi a asodzi sanatseke mphuno, ndipo sanafunse kuti ntchitoyo ndi ya digiri iti.

"Pita," anatero Don Teófilo, misozi ikutsika mbali ya nkhope yamoyoyo.

"Ndizipita, Ababa. Madzulo aliwonse. Ndipo ndizibwerako."

Anatuluka pabwalo, naika sizasiyo m'mbale. Riboni anali atanyowa, atada. Anagwada pamaso pa Doña Eufemia, naponya chingwe cha tsitsi lake kutsogolo.

"Nayi, Madrina. Ngakhale a Licenciada amayambira pomwepa. Ngati mutu wanga mukuufuna, metani ndi yomweyi."

Malipenga anali chete. Doña Eufemia anayang'ana mbaleyo ngati muli njoka.

"Itsukeni kaye! Kapena bweretsani ina!"

"Gwirani, mayi, siiluma!" anafuula bambo wina wa kudzenje, fosholo ili paphewa. "Si inu mwamulera nokha? Matewera ake munkachapa ndi ndodo?"

Anthu anaseka, ena akubisa pakamwa ndi zipewa. Amayi a mphete aja anayang'ana m'mbale zawo. Aliyense anali ndi sizasi kunyumba kwake, koma palibe amene ananyamuka kukatenga. Dzanja la Doña Eufemia linatsika pang'ono, kenako linabwerera kukagwira mpango wa pamphuno.

"Wandinyozetsa pa anthu," anatero. "Ukafe ndi zitini zakozo."

Zenaida anadzuka, nakulunga tsitsi lake kumbuyo kwa mutu monga amachitira anamwino. Anauza amuna awiri kuti anyamule bedi la bambo ake aliike padzuwa, ndipo Don Teófilo anadya mbatata yotentha pakati pa alendo, galimoto ya Doña Eufemia ikutuluka pachipata.

M'mawa mwake Zenaida anakalembetsa ku sukulu ya madzulo. Minibasi inadutsa pa geti la yunivesite, pomwe panadzaza mitu yometedwa ikunyezimira padzuwa, ndipo mtima unamupweteka ndithu. Sanayang'ane kumbali. Anawayang'ana ometedwawo mpaka atabisika, dzanja lili m'thumba, litagwira sizasi imene mwini wake sanaitumirenso munthu.