Thirakitala Yokana Kulira

Mvula inali itagwa, anthu ayamba kulima, koma thirakitala ya malemu inangoti duu m'shedi, osalira. Mkazi wa malemuwo, mayi wamasiye, akaiyang'ana mtima unkachita kuwira. Alamu ake, mng'ono wa malemuwo, anali atafika kale ndi wogula zitsulo zakutha, yemwe ankagogoda matayala ngati akusankha dzungu.

"Yakalamba iyi, alamu. Tigulitse dzimbiri lisanaimalize," anatero alamuwo.

Tigulitse! Munthu woti sanaigulireko ngakhale bawuti imodzi! Popanda thirakitalayo munda wonsewo ukanagonera, ndipo mayiyo sakanalola. Anatuma mwana wake wamwamuna, yemwe ndiye ankaiyendetsa, kuti akaitane makaniko. Mwanayo anapita mokoka miyendo.

Makaniko anayambira pa batire. Anapala zoyera zimene zinamera pamitu yake, anamanga mawaya, n'kupotokola kiyi. Injini inazungulira bwinobwino koma osagwira.

"Batire ndi sitata zilibe mlandu. Taonani kupaipi ya utsi uko, mayi, kukutuluka kanthu?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye kuti siikumwa dizilo."

"Ine ndimanena," analowerera alamu aja, "pampu yatha basi."

Makaniko anawerama pa injini. Anamasula paipi ya pa sefa ya dizilo, inali gwa, youma. Anaitsatira ndi dzanja mpaka pansi pa thanki, kuseri kwa chitsulo, n'kuimba kaluzu.

"Dizilo ngwodzaza, koma kampopi aka nkotseka. Achita kumanga ndi pulayala, mano ake ndi awa akuwala. Sikadzitseka kokha aka."

Mayiyo anatembenukira alamu ake maso ali psu. Anawalalatira zonse zimene anasunga chimwalirireni mwamuna wake: kuti ndi mfiti yamasana, kuti pamaliro misozi inali m'maso koma mtima uli kushedi. Wogula zitsulo uja anayamba kusuntha chafutambuyo.

"Alamu, mundilakwira," anatero mng'ono wa malemu uja. "Kugulitsa ndimafunadi, koma kampopiko ndikaonere pati? Ine ngakhale pothirira mafuta sindipadziwa!"

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka mayiyo. Pakhomopo wodziwa kampopi kobisikako anali mmodzi yekha. Mayiyo anacheuka. Mwana wake anali atatsamira chitseko cha shedi, akukumba pansi ndi nsonga ya nsapato.

"Iwe?"

"Amayi, ndatopa nawo munda. Ndinakuuzani kuti ndikufuna kukafuna ntchito kutauni, munati bola thirakitala ikulira sindichoka."

"Ndiye unaona kuti uiphe? Ine n'kumatukwana m'bale wa bambo ako pamaso pa alendo, iwe uli chete pamenepo?"

Makaniko anatsegula kampopiko, anapopa mpaka thovu linatha m'mapaipi, n'kupotokolanso kiyi. Thirakitala inatsokomola, inalavula utsi wakuda, n'kuyamba kulira mpaka malata a shedi kunjenjemera.

"Kwera ukalime," anatero mayiyo.

Mwanayo anapukusa mutu, n'kulowa m'nyumba kukalongedza chikwama. Mayiyo anatsala ataima pambali pa thirakitala yolira, asakudziwa ngakhale pozimitsira.