Chigumu cha Anthu Anayi

Ukwati ukatha kwathu kuno, mwamuna amanyamula kachikwama kake n'kumapita, ana amatsala kwa mayi awo. Ndi mmene zinamuchitikira Jailos. Anasiya mwana wake Marcia ali ndi zaka zinayi, ndipo pasanathe chaka m'nyumbamo munalowa Inocencio, wakabaza wa ku Muloza, munthu woseka ndi aliyense. Za Yunesi, mkazi wake wakaleyo, Jailos analibe nazo ntchito, ayi ndithu. Chimene chinkamudya mumtima ndi mwanayo. Ankaopa kuti Marcia azolowera bambo winayo, iye n'kutsala dzina chabe.

Loweruka lina ataweruka kothyola tiyi, anadzera pa msika wa Limbuli n'kugula chigumu chathunthu, chija chozungulira chongochoka kumene mumphika, osati tizidutswa tonyengerera ana. Njira yonse ankadziuza kuti lero mwana adziwa kuti bambo ake enieni ndi ati.

Atafika kwa mwanayo, Yunesi anamulonjera mwaulemu, n'kumuyalira mphasa pakhonde, iye n'kubwerera kukachapa kuseri. Marcia, amene tsopano anali Sitandade 2, anamukoka dzanja mpaka pa njinga ya Inocencio. Mwini wake anali atapita kukabwereka pampu.

"Ababa, taonani," anatero mwanayo akuyendetsa chala pa felemu. "Apa pali makona atatu, mbali zakenso zitatu. Keriyala ili ndi makona anayi. Koma tayala lilibe kona, n'chifukwa chake limagubuduzika."

"Amadamu ako akukuphunzitsa bwino," anatero Jailos.

"Amadamu anangojambula pa bolodi. Anandionetsa ndi ababa."

"Ababa ake ati?"

"Ababa a Inocencio."

Jailos anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Nsanje ya pa mkazi, abale inu, munthu umatha kukaitula kwa ankhoswe. Nanga ya pa mwana ukaitula kwa yani? Anaiyang'ana njinga ija, yadzimbiri, chishalo chomanga ndi mphira, ndipo anaida ngati munthu.

Anamasula chigumu chija m'nyuzipepala, n'kuitanitsa mbale ndi mpeni. Mpeniwo anauika dala cham'mbali kuti chidutswa china chikule.

"Hafu yaikuluyi ikhala yako, yaing'onoyi yanga," anatero.

Marcia anamugwira dzanja. "Iyayi ababa, kulibe hafu yaikulu. Mahafu amafanana. China chikakula ndiye kuti si hafu."

Jailos sanafunse kuti zimenezi wamuuza ndani, poti yankho ankalidziwa. Mwanayo anathyola kaudzu, n'kuyeza uku ndi uku, lilime lili panja, mpaka anapeza pakati penipeni. Anadula kamodzi, anatembenuza mbale, n'kudulanso mopingasa.

"Zikakhala zinayi zofanana, chimodzi chimatchedwa kota," anafotokoza. "Iyi yanga, iyi ya amayi, iyi yanu, iyi ya ababa."

Ha, chigumu chogula ndi thukuta lake, msana ukuphwanya ndi dengu la tiyi sabata yathunthu, lero adye mofanana ndi munthu wa njinga yadzimbiri! Anazipenda zidutswa ziwirizo, chake ndi cha Inocencio, kuti mwina chake chakulako pang'ono. Mwanayo anali atayeza bwino zedi, panalibe chokula.

Marcia anathamangira m'nyumba kukatenga madzi osamba m'manja ndi kambale kovundikirira gawo la Inocencio. Jailos anayang'ana kuseri, anayang'ana kumsewu. Kenako munthu wamkulu ndi ndevu zake anabenthula nthuli yaikulu pa kota ya mnzakeyo n'kuiponya m'kamwa. Anameza osatafuna, moti inamutsamwa pakhosi, komabe mtima unakhalako pansi.

Mwana uja atabwera anaima chilili, jagi ili m'manja. Anayang'ana m'mbalemo, kenako anayang'ana nyenyeswa zimene zinakodwa m'ndevu za bambo ake. Jailos anayembekeza kuti alira kapena aitana mayi ake, koma sanatero.

"Njala inakupwetekani, eti ababa?" anafunsa motsitsa mawu. "Koma iyi si kotanso."

Anatenga kota yake yathunthu ija n'kuiika m'kambale ka Inocencio, n'kuvundikira bwinobwino. Chobenthuka chija anachikokera kwa iye mwini.

Manyazi anamugwira Jailos. Pofuna kumana wakabaza, anali atamana mwana wake yemwe. Anakankhira gawo lake kwa Marcia mwachangu.

"Tisinthane mwanawe, tenga yangayi."

Marcia anapukusa mutu, n'kumubwezera mbaleyo ndi manja awiri, atagwada monga anamuphunzitsira mayi ake.

"Iyayi, idyani inuyo. Amayi amati alendo azidya n'kukhuta, poti amachokera kutali."

Kumsewu kunamveka mluzu wa Inocencio akubwera ndi pampu, ndipo Marcia anadzuka kukamuchingamira.