Chikwapu cha Fermín

Zoraida anatsika pa lole kutada kale. Mudziwu unali wachilendo kwa iye. Mchimwene wake Fermín anakwatira kuno, kumapiri a Cajamarca. Zoraida amakhala kumzinda wa Lima. Uthenga wa Fermín unali waufupi: ng'ombe inabedwa, wakuba tam'gwira.

Anam'pezadi. Bambo wina womangidwa pamtengo wa khola, wopanda nsapato, akunjenjemera ndi kuzizira. Ng'ombe ili pambali. Fermín chikwapu m'manja.

Zoraida anafunsa za apolisi. Anthu anam'seka. Apolisi ali kutali, ulendo wa maola asanu. Nanga kuno amaweruza ndani? Wina anati ronda. Wina anati chikwapu.

Kenaka panafika anthu asanu, zipewa zazikulu, matochi m'manja. Zoraida anabisa chikwama, poganiza kuti ndi anzake a wakubayo. Ayi ndithu. Anali a ronda, anthu a m'mudzi amene amasinthana kulondera. Mtsogoleri wawo, Doña Hermelinda, analanda chikwapu ngati akulanda mwana mpeni.

"Iwe Fermín, chikwapuchi chili ndi pakamwa? Chikuuza amene waba?"

Fermín anati makolo ankatero. Mayiwo sanakane. Kale, anatero, eni minda ikuluikulu ankamenya aliyense amene am'kayikira. Anthu atatopa ndi akuba anayambitsa ronda, koma nawonso ankamenya. Malemu amuna awo anathyoledwa mkono chifukwa cha nkhosa imene inadzapezeka itagwera m'phompho.

"Mkono sunawongoke mpaka kumanda. Masiku ano timayamba tafunsa."

Anaunika khutu la ng'ombe. Chizindikiro chinali cha Fermín. Zoraida anati basi, wakuba ndi yemweyu. Koma Doña Hermelinda anamasula bamboyo, nam'funsa dzina. Saturnino. Ng'ombe anaigula pamsika Lachinayi. Anatulutsa m'chipewa kalata yogulira, yokhala ndi dzina la wogulitsa. Awiri a ronda analidziwa dzinalo. Midzi ina inali itadandaula kale kuti munthuyo amaba ng'ombe.

Fermín anayang'ana pansi.

"Ukanam'menya, kundende ukanapita ndiwe, wakuba ali phee kwawo," anatero mayiwo. "Kukayikira si umboni. Osamenya munthu. Itanani ronda, funsani, ndipo mlandu waukulu upite kupolisi."

M'mamawa lole inabwera, ulendo wa kupolisi. Anakwera Saturnino ndi kalata yake, Fermín ngati mboni, Zoraida pakati pawo. Kunkazizira. Fermín anavula poncho wake, chofunda chaubweya, n'kumufunditsa Saturnino. Sanayang'anane.