Mtengo wa Mchombo wa Kwepo

Kwepo sankaudziwa mtengo wake, ndipo kwa Mkareni, munthu wa mtundu wake wa kumapiri, amenewo ndi manyazi oposa kuiwala dzina la amayi ako. Kwawo ku Mae Lopa mwana akabadwa, bambo amalonga mchombo m'kansungwi n'kukamangirira ku mtengo m'nkhalango ya kumtunda kwa mudzi. Kuyambira tsiku limenelo mtengowo ndi munthuyo amakhala chinthu chimodzi. Suudula, suusenda khungwa, suuthyola nthambi. Ukauvulaza, mzimu wa mwiniwake umathawa ndipo thupi limayamba kufota. Aliyense m'mudzimo ankaudziwa wake, kupatula Kwepo.

Iye anachoka ali wamng'ono. Amonke a ku kachisi wina mumzinda wa Chiang Mai ankatenga ana a kumapiri kuti akaphunzire, ndiye bambo ake, a Dikhe, anamupereka. Anametedwa mpala, anavala nsalu yachikasu, anaphunzira Chithai ndi Chingerezi, ndipo atatopa ndi kugona ndi njala madzulo aliwonse anavula nsaluyo n'kuyamba ntchito yoperekeza azungu oyenda ndi zikwama kumsana. Iwo ankamutcha Jimi. Ulendo wake unali umodzimodzi nthawi zonse: kuyambira pa kachisi wa pamwamba pa phiri, kudutsa m'nkhalango yotetezedwa momwe anyani amaimba m'mawa, kuwoloka mtsinje wa misundu, kenako kukagona kwawo.

Bodza linayamba tsiku limene mzungu wina anamva za michombo n'kufunsa kuti, "Nanga wako ndi uti?" Kwepo anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza waukulu kuposa yonse, umene unali pamtunda pang'ono, woti amuna anayi sangaukumbatire. Azungu anaomba m'manja. Kuchokera pamenepo mtengo uja unakhala wake, ndipo nkhani yake inkanenepa ulendo uliwonse. Ankaukumbatira, ankaujambulitsa, ankati akadwala umayoyola masamba. Tsiku lina mnyamata wina anapempha kulembapo dzina la bwenzi lake ndi mpeni, Kwepo n'kunena kuti, "Lemba, mwiniwake ndavomera." Amene anabwera pambuyo anaona dzinalo, nawo anafuna. Pofika chaka chino khungwa la mbali ya kuphiri linali mabala okhaokha.

Kufunsa bambo ake kunali kophweka, koma nanga ungayambe bwanji? Munthu wandevu, woyenda ndi foni ziwiri, kukafunsa nkhalamba kuti kodi ine mchombo wanga uli pati? Ankangoti ndifunsa ulendo wamawa.

Pamalo omwewo, kunsi kwa njira, panali kamtengo kena kokhota, kotsamira ngati kaledzera, kuseri kwake kuli tchire. Kumeneko ndi kumene Kwepo ankatumiza alendo ake akafuna kudzithandiza asanalowe m'mudzi. "Chimbudzi cha hotela yapamwamba ndi icho," ankatero, azungu n'kuseka. Chodabwitsa n'chakuti ulendo wotsatira sankapezako pepala ngakhale limodzi. Iye ankawauza kuti chiswe cha kuno chimadziwa ntchito, ndipo nayenso ankakhulupirira zomwezo.

Ulendo umenewu anali ndi alendo okoma mtima, oseka chilichonse chimene wanena. Panali Lena, mtsikana wofunsa mafunso osatha, ndi mwamuna wake wamtali wandevu zofiira, ndi ena angapo. Anaona mapazi a njovu pamatope, anaona mbalame ya mlomo waukulu, ndipo Kwepo anali pachimake. Ali m'njira anawalonjeza kale kuti akafika pa mtengo wake aliyense alembapo dzina. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dzuwa litapendeka anafika pa nkhalango ya michombo. Ena anathamangira kuseri kwa kamtengo kokhota, ena anatsatira Kwepo kukwera mtunda. Atazungulira mtengo waukulu uja, anapeza amayi atatu a m'mudzi. Awiri anali chiimire, wachitatu atagwada, akumata dothi lonyowa m'mabala a khungwa ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Wogwadayo anali amake Muwa, oyandikana nyumba ndi bambo ake.

"Uwu ndiye mtengo wanga!" anatero Kwepo m'Chingerezi, chifukwa pakamwa panali patazolowera. Mzungu wandevu uja anatsegula kampeni kake.

Amake Muwa anaimirira n'kukuwa mawu amene anaulutsa mbalame. Mzungu anabwerera m'mbuyo, mpeni uli m'manja.

"Ndiye ndiwe! Ndinkati ndi alonda a nkhalango, kapena anyamata a kutsidya, osadziwa kuti ndi mwana wa a Dikhe amene ndinkamupukuta mamina ine ndemwe."

"Azakhali, tadekhani kaye, alendo akuona."

"Aone! Maso anabwera nawo a chiyani? Muwa wanga wagona mwezi wonse, kuchipatala ku Mae Chaem tapita, tabwerako, tapitanso, mwana angotha ngati sopo. Dzulo aombeza ndi mafupa a nkhuku, akuti kaoneni mtengo wake. Ndabwera. Taona wekha! Mwana wanga mwamusandutsa bolodi la kusukulu?"

Kwepo ankamudziwa bwino Muwa, mtsikana wa manyazi amene ankatungira alendo ake madzi osamba.

"Sindinkadziwa kuti ndi wa Muwa, azakhali."

"Unkati ndi wa ndani?"

Mmodzi mwa amayi aja, amene mwana wake amagulitsa nsalu kwa azungu ndipo amatolako mawu, anayankha m'malo mwake. "Amawauza kuti ndi wake. Ndamumva pompano."

"Wake? Mtengo wonsewu wa iyeyu?" Amake Muwa anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Chabwino bwana Jimi, ngati uwu si wako, tilozere wako. Loza tione."

Mitengo inali mbwee mbali zonse, ina ili ndi tinsungwi tatsopano, ina tinagwa kalekale. Kwepo anakweza dzanja pang'ono, n'kulibweza. Amayi aja anayang'anana. Panalibe amene anamutukwana, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama.

"Mayo ine," anatero mayi winayo motsitsa mawu. "Sakuudziwa."

Lena anamukoka malaya. "Jimi, chavuta n'chiyani? Akupemphera?"

Akanatha kunena kuti inde, akupemphera. Mawuwo anafika mpaka pa lilime. Koma amake Muwa anali atamuyang'ana, manja ali matope okhaokha, ndipo iye anangoti, "Bwezani mpeni. Mtengowu si wanga. Ndi wa mtsikana wina amene akudwala." Kuchokera pamenepo mpaka kulowa m'mudzi, palibe mlendo amene anamufunsa funso.

Nkhani inafika iwo asanafike. Ana amene ankamuthamangira masiku onse anangomusuzumira ali pansi pa nyumba, pakati pa nkhumba. A Dikhe anamupeza pa makwerero, anamupatsa mpunga ndi tsabola wosinja ngati kale, osanena kanthu. Iwo anali munthu wa mawu ochepa chibadwire, ndipo maso atachita ng'ala mawuwo anacheperatu. Kwepo anadya ngati akutafuna mchenga.

M'mawa mwake anachita zimene mwambo umafuna kwa munthu wovulaza mtengo wa mnzake. Anagula nkhuku ndi botolo la kachasu wa mpunga, anakwera m'nyumba ya amake Muwa mudzi wonse ukuona, anagwada. Muwa anali atamutsamiritsa ku khoma la nsungwi, mikono yake itaonda ngati timitengo. Mkulu wa miyambo anagogoda chikombe pa makwerero kuitana mzimu kuti ubwerere, uchoke kuthengo, udzadye mpunga kwawo. Kenako anapatsa Kwepo ulusi woyera kuti amumange mtsikanayo pamkono. Mfundo inamasuka kawiri.

"Achimwene, musalimbitse kwambiri," anatero Muwa, akuyesa kumwetulira. Kukoma mtima kumeneko kunamuthera mphamvu Kwepo. Akanakonda atamulavulira.

Amake Muwa anamuperekeza ndi mawu mpaka pansi. "Mawa tikupita nayenso kuchipatala, achire asachire ndi za mtsogolo. Koma iwe alendo ako usadutse nawonso m'nkhalango muja mpaka utadziwa pamene pali mchombo wako. Munthu wosadziwa wake sangasamale wa mnzake."

Atatsika anapeza bambo ake akumudikira, dengu lili kumsana, m'manja muli mbaniro yaitali ya nsungwi.

"Tiye," anatero a Dikhe.

"Kuti, ababa?"

"Suli kufuna mtengo wako?"

Anayenda, nkhalamba patsogolo ikutsimphina ndi bondo lake lija, Kwepo pambuyo. Kwepo anali atauza alendo kuti amange zikwama, akawapeza m'njira. Mtima wake unayamba kupepuka pang'ono. Ankati mwina ndi uja wowongoka wa pafupi ndi mwala, kapena uja wa maluwa ofiira. Ngakhale utakhala waung'ono, bola ukhale wooneka bwino. Atafika pa nkhalango anayamba kukhotera kumtunda, koma a Dikhe anatsikira kunsi kwa njira.

Anakaima pa kamtengo kokhota kaja.

Mapepala a dzulo anali mbwee kuseri kwake, ena atakodwa m'tchire, ntchentche zili ng'waa. A Dikhe anatula dengu, anawerama, n'kuyamba kutola ndi mbaniro. Ankatola mwachizolowezi, ngati munthu wopalira munda wake, akusuzumira pafupi chifukwa cha maso. Chimene sichikanatoleka ankachikwirira ndi dothi.

"Ababa, mukutani?"

"Zimene ndimachita ukadutsa."

"Nthawi zonse?"

"Nanga ndani angachite? Amako anapita."

Kwepo anayang'ana kamtengo kaja ngati akukaona koyamba. Pa nthambi yake ya m'munsi panali kachingwe kakuda kowola, kolowerera m'khungwa. Anali atakaona kambirimbiri, ankapachikapo ngakhale botolo la madzi osamba m'manja.

"Uwu?"

"Unabadwa nthawi ya njala," anatero a Dikhe, osasiya kutola. "Ndinasankha uwu chifukwa umabala zipatso chaka chilichonse, mvula igwe isagwe. Mbalame sizichoka pano. Kukhotaku ndi mphepo ya chaka chimene unapita kwa amonke. Ndinkati uthyoka, koma unalimba."

"Bwanji simunandiuze?"

Nkhalamba inawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. "Ndinakuuza. M'mawa wa tsiku limene unachoka ndinabwera nawe pano, ndinakugwiritsa dzanja pa khungwa ili."

Kwepo anakumbukira m'mawa umenewo. Anakumbukira nsapato zatsopano, ndi galimoto imene inkadikira kumsewu, yoyamba kukwera m'moyo wake. Za mtengo sanakumbukire kalikonse.

"Ndikutanthauza zaka zonsezi, ababa. Mumaona anthu akubwera kudzachita zimenezi pano, inu n'kumangotola?"

"Ndinkayesa ukudziwa." A Dikhe analankhula mopanda mkwiyo, akuyang'ana m'dengu. "Ndinkati mwana wapita kutauni, waphunzira, wabwera n'kuona kuti pamene tinamuika mpoyenera zimenezi. Ndinkati wasankha dala. Ndiye ndikanati chiyani? Mtengo ndi wako. Ine ndinkangoopa kuti ungadwale."

Manyazi amene anamugwira Kwepo dzulo pamaso pa amayi aja anali masewera. Awa anamulowa mpaka m'mafupa. Bambo ake anakhala zaka zonsezi akukhulupirira kuti mwana wawo amawanyoza dala, ndipo ankamupatsabe mpunga pa makwerero, m'mawa n'kunyamula dengu. Anagwada n'kuyamba kutola mapepala aja ndi manja.

"Iwe, tenga mbaniro, n'zonyansa zimenezo."

"Zisiyeni, ababa."

Ali choncho, mawu a alendo anamveka m'njira, zikwama zikugundana ndi nthambi. Usiku unali utawafewetsa mitima, ankasekanso. Lena anatsika yekha kunsi kwa njira, mpukutu wa pepala uli m'manja, ndipo ataona anthu awiriwo anaima.

"Pepani Jimi, mukukonza? Ndidikire kaye?"

Kwepo anaimirira pakati pa iye ndi mtengo, manja ali kumbuyo. "Kuno ayi. Pitani kutsogolo, kutsidya kwa mtsinje."

"Chifukwa chiyani? Dzulo tinabwera konkuno."

"Uwu ndi mtengo wanga."

Lena anayang'ana kamtengo kokhota kaja, anayang'ana Kwepo, n'kuphulika kuseka. "Aa, Jimi, iwe ndiye sutha! Dzulo uja, lero uwu?" Anakwera mtunda akupukusa mutu, ndipo posakhalitsa anzake nawo anamveka akuseka m'njira.

A Dikhe anatchera khutu, akumwetulira pang'ono poona kuti alendo a mwana wawo akondwa.

"Wawauza chiyani choseketsa chonchi?"

"Ndawauza kuti mtengowu ndi wanga, ababa."

Nkhalamba inasiya kumwetulira. Inawerama, n'kupitiriza kutola.