Mayina a m'Kope la Olipa

"Kope iyi isiyeni pano, muzaitenga mailo," anatero a Katongo, mlembi wa chipani pa boma la Petauke, dzanja lili kale pachikuto.

Olipa Daka anazengereza pang'ono. Anali m'chaka chachitatu ku yunivesite ku Lusaka, kumene ankaphunzira za chitukuko, ufulu wa anthu ndi chitetezo cha othawa nkhondo. Patchuthi cha 1987 anabwera kwawo ku Nyimba kudzafufuza za anthu othawa ku Mozambiki, ndipo anamuuza kuti ntchito yotere popanda chidindo cha chipani siyenda. M'kopemo munali mayina makumi awiri ndi atatu, mudzi umene aliyense anabadwira, ndi khomo limene ankagona, zonse m'mizere yowongoka bwino. Ankafuna chidindo, ndiye analisiya kuti adzalitenge mawa lake.

Mmodzi mwa olembedwawo anali Anastazia, mayi amene ankakhala pakhomo pa a Whiteson, amalume ake a Olipa. Mudzi wonse unkamutcha Febby, msuweni wa a Whiteson wochokera ku Luembe. Midzi ya m'malire inkatero. Wothawa akafika ankam'patsa dzina lina, mfunda wa pakhomopo ndi khasu, nkhani n'kuthera pomwepo. Boma linkafuna kuti othawa onse akakhale kumsasa, kutali ndi malire, koma Anastazia sankafuna n'kumva komwe. Tsiku lothawa anasiyana m'tchire ndi mwamuna wake Simon, atapangana kuti akapulumuka adzam'peza kwa a Whiteson, amene kale ankagulitsana nawo fodya. Simon sankadziwa khomo lina lililonse m'Zambia.

Kuti Anastazia atchule dzina lake lenileni, Olipa anam'nyengerera masiku atatu akuswa naye mtedza pamkeka. Anamulonjeza kuti kopelo likawerengedwa ndi aphunzitsi okha. A Whiteson sanakondwe nazo. Anati pepala lilibe m'bale, koma Olipa anawafotokozera malamulo a mayiko onse mpaka iwo anaseka.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero, n'kunyamula njinga yawo.

Patapita milungu iwiri lole inafika m'mudzimo dzuwa lili paliwombo. Wapolisi anaima pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuitana mayina. Olipa anazindikira kuti mayinawo ankatsatana ndendende mmene iye anawalembera. Anthu a m'mudzi anazindikiranso. Palibe anamutukwana, ankangomuyang'ana.

Anastazia anasiya mtedza wake padzuwa n'kukwera loleyo, yopita kumsasa. Ali pamwamba anawerama n'kugwira dzanja la a Whiteson.

"A Simon akabwela, muwauze kwamene nili."

Apolisi anawatengeranso a Whiteson kuboma, ndipo anagona kumeneko masiku awiri akuyankha mafunso. Olipa anathamangira kwa a Katongo misozi ili m'maso. Iwo anam'bwezera kope lake, chidindo chili pamwamba, n'kumusonyeza tsamba loyamba.

"Si ndimwe munalemba apa kuti wothawa akalembetsa ali na ufulu wa chakudya na chipatala? Manje tawathandiza, mulila chani?"

Olipa analembadi zimenezo, ndipo sizinali zabodza. Anatenga kope lake n'kutuluka.

Ku Lusaka aphunzitsi anayamikira ntchitoyo pamaso pa kalasi yonse, amati palibe wina analemba mwadongosolo chotero. Olipa anachita manyazi ndi chiyamikirocho, koma anadzitonthoza kuti mwina kumsasa kuli bwino ndithu, popeza kuli ufa ndi mankhwala.

Atabwerera kumudzi mu Disembala, anapeza a Whiteson akupalira chimanga. Sanamulonjere ndi nthabwala monga mwa masiku onse. Anamuuza kuti mu Okutobala kunabwera munthu wowonda, mapazi atakulunga m'nsanza, n'kufunsa pachitsime ngati kuno kuli mayi wotchedwa Anastazia. Chichokereni lole ija, mudzi unali utaphunzira kutseka pakamwa. Amayi a pachitsimepo anaganiza kuti ndi kazitape wa boma, ndiye anayankha kuti dzinalo sanalimvepo, ndiponso kuti a Whiteson anasamuka kalekale. Munthuyo anapempha madzi, anamwa, anathokoza, n'kubwerera njira ya kumalire. A Whiteson anali kudimba tsikulo. Atamva kuti mlendoyo anali ndi chipsera pachibwano anadziwa kuti ndi Simon, ndipo anapalasa njinga masiku awiri kumulondola, koma sanam'peze.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero a Whiteson. "Koma Febby afunika kuziba. Ine pakamwa panilemela. Uyende ndiwe."

Olipa anakwera lole ya feteleza yopita kumsasa. Njira yonse ankakonza bodza loti palibe amene wabwera, kuti mayiyo apitirize kudikira ali pamalo opanda mfuti. Anam'peza akulima kamunda kamene anam'gawira. Anastazia atamuona anaponya khasu pansi, osadikira n'komwe moni.

"Abwela?"

Bodza lija linakana kutuluka. Olipa anafotokoza zonse, za pachitsime, za nsanza kumapazi, ndi zakuti mudzi unam'bweza chifukwa cha kope lake. Anayembekezera kuti amenyedwa, ndipo akanakonda kumenyedwa.

Anastazia anafunsa njira imene munthuyo analowera. Olipa anati ya kumalire.

"Ndiye kuti ali moyo," anatero Anastazia.

Analowa m'kanyumba kake, anayala chitenje pansi, n'kuikapo bulangete, poto ndi kaufa kotsala. Olipa anayesa kumukumbutsa kuti kutsidyako nkhondo ikadalipo, koma mayiyo sanacheuke. Katunduyo anakana kumangika, ndiye Anastazia anamuuza kuti agwire nsonga inayo. Olipa anagwada n'kugwira.