Kanyenyezi Kamene Genzo Anaona

Chizuru ankachotsa mbale za chakudya chamadzulo pamene mwamuna wake, Genzo, anamuitanira panja. Anamupeza atakhala pa chitsa m'mphepete mwa munda wawo wa maapozi, atafunda bulangete, nkhope ili kumwamba. Mdima unali utangogwa, ndipo kamphepo kochokera kumapiri kankalowa mpaka m'mafupa.

"Aphunzitsi, bwerani mudzachitire umboni," anatero Genzo. "Ndakaona."

Chizuru anadziwa chimene ankanena. Pa nyenyezi zisanu ndi ziwiri zimene zimandandalika ngati chipande cha kumpoto, yachiwiri kuchokera kunsonga ya chogwirira ili ndi kamnzake kozimirira pambali pake. Akuluakulu a m'mudzimo ankakatcha nyenyezi ya moyo, ndipo ankati munthu amene maso ake alephera kukaona, chaka chimenecho sachimaliza. Genzo ankakafufuza dzinja lililonse likatha, Chizuru n'kumamuseka, poti iye anali ataphunzitsa sayansi kusekondale mpaka kupuma pa ntchito.

Chizuru anayang'ana kumwambako. Ng'ala inali itayamba kumuphimba maso, choncho anangoona nyenyezi yaikuluyo ili mbuu, kamnzakeko osaoneka.

"Mwakaona?"

"Ine ayi."

"Ndiye konzekani, mayi, mutsogola ndinu," anaseka Genzo. Kusekako kunathera m'chifuwa, ndipo anadzigwira pamimba mpaka ululu utadutsa.

Mwezi wapitawo dokotala wa kutauni anali atamutengera pambali Chizuru n'kumuuza kuti matenda a mwamuna wake ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Akafika nyengo yothyola maapozi ndiye kuti ndi mwayi. Mwiniwakeyo anangouzidwa kuti ali ndi chilonda cha m'mimba, monga ankachitira madokotala masiku amenewo pofuna kuti wodwala asataye mtima. Chizuru anavomera kusunga chinsinsicho. Ankamuphikira phala la mpunga, n'kumamuuza kuti nkhope yayamba kubwerera.

Atapezako mpweya, Genzo anayamba kuyala za m'tsogolo. Anati amezanitsa mitengo yatsopano kumtunda kwa munda, akonzanso denga la nyumba yosungiramo zipatso. Za Natsue, anati zidikire chaka chamawa.

Natsue anali mwana wawo yekhayo. Anakwatiwa ndi mnyamata wa mumzinda wa Osaka amene anakana kudzakhala pamundapo, ndipo tsiku limene ankachoka, bambo ake anamuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. Panapita zaka osalankhulana. Posachedwapa Natsue anali ataimbira foni mayi ake kupempha kuti abwere adzaonetse khanda lake, ndipo Genzo anali asanayankhe.

"Mtima wanga sunazizire," anatero. "Nthawi ilipo. Nyenyezi yanena."

Chizuru anakhala pansi pambali pake. Zengerezu analinda kwawukwawu, koma akanamuuza bwanji munthu amene kwa nthawi yoyamba chidwalireni maso ake anali akuwala? Akakhala chete, mwamuna wake atsala ndi miyezi yochepa ya chimwemwe, koma adzapita osamuona mwana wake. Akayankhula, amulanda ngakhale tulo. Anapinda ngodya ya bulangete lija, n'kuipindulanso.

Poti mawu enieniwo anakana kutuluka, anayamba ndi amene anawazolowera m'kalasi. Anamuuza kuti akatswiri amagawa nyenyezi potengera mtundu ndi kutentha kwake: zobiriwira ngati thambo ndizo zotentha koposa, kenako zoyera, kenako zachikasu ngati dzuwa lathuli, zofiira n'kukhala kumapeto. Kanyenyezi kameneka kali m'gulu la zoyera. Si kakang'ono ayi, n'kakakulu ndi kotentha kuposa dzuwa, ndipo kamawala kuliposa kakhumi n'kupitirira. Kamaoneka kofooka chifukwa cha kutalika kwa mtunda basi.

"Zimenezo munandiuza kale, aphunzitsi. Kodi pali mayeso?"

"Kuwala kumene mukuonaku kunanyamuka kumeneko inu musanabadwe," anatero Chizuru. "Kwayenda zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Sikukudziwani, bambo. Sikudziwa dzina lanu, sikudziwa za m'mimba mwanu. Kanyenyeziko kangokuuzani kuti maso anu ndi abwino. China chilichonse sikanakuuzeni."

Genzo anatsitsa nkhope n'kuyang'ana manja ake, amene anali ataonda mpaka mphete kumazungulira pachala. Kumunsi kwa mudzi galu anauwa, n'kusiya.

"Dokotala uja anakusungani nthawi yaitali m'kachipinda muja," anatero potsiriza. "Ndinkati mwina akukufunsirani."

Chizuru anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira. Anamuuza zonse, osabisa kanthu. Genzo anamvetsera ngati mmene ankamverera za nyengo pa wailesi, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Anangofunsa ngati adzaone maapozi atafiira. Chizuru anati sakudziwa.

"Mukanandisiya nako kanyenyezi kanga usiku umodzi wokha," anatero Genzo, osakalipa. Mawu amenewo anamulasa Chizuru kuposa chipongwe chilichonse. Kenako mwamunayo anatambasula dzanja kuti amudzutse. "Tiyeni m'nyumba. Nambala ya mwana uja muli nayo?"

Natsue anafika maluwa a maapozi akuyoyoka. Bambo ndi mwana sanapepesane. Anangokhala pakhonde kukambirana za tizilombo ta m'mitengo, khanda lili pamiyendo pa agogo ake. Chibale ndi fupa, sichiwola. Koma nthabwala za Genzo zinachepa kuyambira madzulo aja, ndipo sanatulukenso kukayang'ana kumwamba. Chizuru ankaona zimenezo, ndipo panalibe tsiku limene sanadzifunse ngati anachita bwino.

Genzo anamwalira zipatso zikuyamba kumene kuchita mawanga ofiira, Natsue atamugwira dzanja.

Mwambo wa maliro utatha, mayi wina wokalamba woyandikana nawo anamuimitsa Chizuru pachipata. Anati iye sakumvetsa, poti malemuwo ankauza mudzi wonse chaka chilichonse kuti kanyenyezi kaja akaona, ndipo chaka chino sakanalephera kukaona.

"Anakaonadi," anayankha Chizuru. "Maso awo analibe vuto."

Nyengo yokolola itakwana, anatenga dengu n'kulowa m'munda. Anathyola zipatso za m'nthambi zam'munsi, zimene manja ake ankafikira. Za kunsonga, zimene zinkafuna munthu wokwera makwerero, anazisiyira mbalame.